Chifunga, utsi ndi fumbi: mmene mungadziwiretu ngati mawa mseu uoneka

Kwa inu amene mumadzuka mbandakucha kulowa mu Great East Road, kaya ndinu adalaivala a basi, a honda, a njinga zonyamula makala kupita nawo m'tauni kapena a ngolo, pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna muchigwire bwinobwino. Chifunga sichimangobwera chifukwa kwazizira ayi. Kuzizira ndi chinyezi ndi mbali imodzi chabe, mbali inayo ndi tinthu ting'onoting'ono touluka mumpweya, ta utsi, ta phulusa, ta fumbi, ndipo tambiri timatipanga ndife tomwe madzulo tikamatentha. Mukamvetsa zimenezi mutha kumadziwiratu usiku kuti mawa kucha bwanji, komanso malo ake enieni amene pavute.

Yambani ndi kudzionera nokha, sizilira ndalama. Tengani botolo la pulasitiki loonekera mkati, lija la malita awiri, muchotse chipepala chakunja. Thiranimo madzi ofunda pang'ono chabe, osati owira chifukwa botolo lipindika, mutseke, mukhutchumule kuti mpweya wamkati udzaze chinyezi. Manje lifinyeni mwamphamvu ndi manja onse awiri kenako mulisiye mwadzidzidzi. Yang'anani mkati, simuona kanthu kwenikweni. Tsegulani, yatsani machesi, muzime, muponyemo kamtengoko kakadafuka, tsekani msanga. Finyaninso, siyani. Mkati muyera mbuu. Mukafinya chimasowa, mukasiya chimabweranso, ndipo chimaoneka bwino mukaika nsalu yakuda kumbuyo n'kuunikira ndi tochi ya foni cham'mbali. Aphunzitsi a sayansi chonde aonetseni ana izi, madzi ndi omwewo, kuzizira ndi komweko, chomwe chaonjezeka ndi kautsi ka machesi amodzi basi.

Chimene chikuchitika ndi ichi. Mukafinya mpweya umafunda pang'ono, mukasiya umazizira, ndiye nthunzi yomwe ili mmenemo imafuna kubwerera kukhala madzi. Koma nthunzi siingapange dontho payokha mlengalenga popanda pogwira, imafuna kanthu koti ikakamirepo. Kadontho kalikonse ka chifunga, ngakhale ka mtambo, kali ndi kanthu kake pakati pomwe kanayambira. Izi si zatsopano, John Aitken wa ku Scotland anazionetsa mu 1880, anasefa mpweya ndi thonje n'kuona kuti mumpweya wosefawo nthunzi sinapange chifunga, pomwe mu wosasefa inapanga.

Manje tinthu timeneti sitofanana. Fumbi la mumseu ndi lalikulu, limagwa msanga, ndipo silikoka madzi kwenikweni. Utsi wa udzu, nkhuni ndi mapesi ndiye nkhani ina, tinthu take ndi tochepetsetsa, tosakwana ndi maikulomita imodzi yomwe, pomwe tsitsi la munthu kunenepa kwake ndi maikulomita pafupifupi 70. Maikulomita ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1,000. Tinthu ta utsiti timakhala mlengalenga masiku angapo osagwa, ndipo muli timichere tokoka madzi. Mchere wa pakhomo umayamba kunyowa wokha chinyezi chikafika cha m'ma 75 peresenti, ndipo tinthu ta mu utsi nato timayamba kumwa madzi n'kufufuma chinyezi chisanafike 100. N'chifukwa chake utsi womwewo umene masana unkangooneka patalipatali, m'mawa umaoneka wochindikala ngakhale palibe amene waonjezera moto usiku. Tafufuma.

Apa ndiye pagona nkhani yonse ndipo ndichedwapo pang'ono. Chinyezi cha usiku umodzi ndi chomwecho, sichionjezeka kwenikweni chifukwa mwayatsa moto wa zinthu zouma. Mpweya ukakhala woyera, madzi amenewo amagawidwa pa tinthu tochepa, timadontho timakhala towerengeka koma tokulirapo, tina timagwa pansi ndi pamasamba, ndipo kuwala kumapeza podutsa. Mpweya ukadzaza utsi, madzi omwewo amagawidwa pa tinthu tambirimbiri, timadontho timachuluka koma tating'ono zedi. Ganizani chimanga chodzaza manja, mukachiwaza m'mwamba mnzanu ali patsogolo mumuonabe, koma chimanga chomwecho chikagayidwa n'kuwaza ufa wake simumuonanso. Timadontho tating'onoti timabalalitsa kuwala kwambiri, komanso sitigwa msanga, ndiye chifunga cha pamalo pomwe pali utsi chimakhala chochindikala ndipo chimachedwa kuchoka. Kuonjezera apo utsi womwe uli pamwamba umafooketsa dzuwa, nthaka imachedwa kufunda, chifunga chimene chikanatha ma 07 chimafika mpaka ma 09.

Tsopano kuwerenga usiku. Tulukani panja cha m'ma 20 kapena 21 musanagone, muyang'ane kumwamba. Nyenyezi zikamaoneka ngwee popanda mtambo, dziwani kuti nthaka itaya kutentha kwake konse usiku umenewo ndipo mpweya wapansi uzizira kwambiri. Mitambo ikaphimba kumwamba sikuzizira chomwecho, chifunga cha m'madambo sichibwera kawirikawiri. Kenako mphepo. Ikamawomba mwamphamvu mpaka malata kulira, imasakaniza mpweya wapansi ndi wapamwamba, chifunga sichikhazikika. Choopsa ndi kamphepo kayaziyazi kongogwedeza masamba pang'ono. Gwiraninso denga la motoka kapena chishalo cha njinga yomwe ili panja, mukapeza mame agwa kale nthawi imeneyo ndiye kuti chinyezi chilipo chokwanira. Amene muli ndi foni ya intaneti tsegulani zanyengo mufune pomwe alemba dew point, ndiko kuzizira komwe nthunzi imayambira kusanduka mame, muyerekeze ndi kutentha komwe akuti kufika m'bandakucha, manambala awiriwa akayandikana, kusiyana madigiri awiri kapena kuchepera, konzekerani.

Koma chizindikiro chomwe ine ndimachikhulupirira kuposa zonse ndi utsi wa moto wamadzulo. Uyang'aneni. Ukamakwera molunjika n'kukasowera m'mwamba, mpweya ukuyenda bwino. Ukakwera pang'ono chabe, mwina kufika pamwamba pa mitengo ya mango, kenako n'kugona chopingasa n'kumayenda pang'onopang'ono kutsikira kudambo, ndiye kuti mpweya wozizira wakhala pansi, wofunda uli pamwamba pake, ndipo chilichonse chomwe chifuke usiku umenewo sichipita kulikonse, chikhala pompo mpaka dzuwa litatuluka. Tauni yathu ya Chipata ili pakati pa mapiri ndiye izi zimaoneka bwino kwambiri, mukakwera cha ku Kanjala m'mawa wa mu Juni kapena Julayi mudzaona utsi wa mbaula utayala pamwamba pa makomboni, Kapata, Mchini, Nabvutika, pamwamba pake pali mzere wowongoka bwinobwino, kumwamba kwa mzerewo kuli koyera.

Mpweya wozizira ndi wolemera, usiku umatsetsereka kuchoka m'mapiri kukasonkhana kunsi, ndipo umatenga utsi n'kupita nawo. Ndiye malo oti muwasunge m'mutu ndi onse amene mseu umatsika, pa milatho, m'madambo, pafupi ndi madamu, m'mbali mwa Lutembwe ndi Lunkhwakwa, ndi zigwa zonse za m'njira ya Katete, Sinda, Petauke mpaka Nyimba. Kuchoka Nyimba kudutsa Kacholola kutsikira ku mlatho wa Luangwa ndiye mukudziwa kale, makhota ndi zitunda zokhazokha. Vuto la chifunga cha mtundu uwu ndi loti chimakhala cha zigambazigamba, pamtunda mseu uli gwa ukuoneka mpaka kutali, munthu n'kuponda mafuta, kutsika pang'ono basi walowa m'choyera ali pa 100. Amene mumayenda njira imodzi tsiku ndi tsiku, lowezani malo amenewa ndipo muzichotsa phazi musanafike, osati mutalowa kale.

Nyengo nayo muziiwerengera. Chifunga chenicheni chamadzi chimakonda kumapeto kwa mvula, Malichi mpaka Meyi nthaka ikadali yonyowa, n'kupitirira m'madambo nthawi yozizira, komanso m'dzinja momwe mvula ikagwa masana kenako usiku kumwamba n'kuyera. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mpweya umauma, chomwe chimaphimba mapiri nthawi imeneyo kwambiri ndi utsi wa lupsa ndi fumbi. Ndipo utsi umenewo si wathu wokha, umachokera kutali, Angola, Congo, Mozambique ndi zigawo zina za Zambia. Mu 2000 asayansi a mayiko osiyanasiyana anachita kafukufuku wamkulu wotchedwa SAFARI 2000, ena anali ndi zipangizo zawo ku Mongu, ndipo anaona utsi wa moto wa m'tchire ukuyenda mtunda wautali kudutsa mayiko mpaka kukatulukira ku nyanja ya Indian. Mvula yoyamba ikagwa imatsuka zonsezo, n'chifukwa chake mapiri amaoneka pafupi tsiku lotsatira.

Kukacha muzisiyanitsa chomwe mwakumana nacho chifukwa machitidwe ake ndi osiyana. Chifunga ndi choyera, chimanyowetsa windo ndi nsidze, sichinunkha, ndipo dzuwa likakwera chimachoka, ndiye mankhwala ake ndi kudikira ola limodzi kapena awiri. Utsi ndi wotuwa mopita kobiriwira kapena kofiirira, umanunkha, umayabwa m'maso ndi kukhosi, dzuwa limatuluka lofiira psuu moti mutha kuliyang'ana, ndipo suchoka chifukwa choti kwacha, umadikira mphepo kapena mvula. Fumbi lokha silivuta kulidziwa, limalowa ndi m'mano momwe, ndi la masana, kamvuluvulu kapena thiraki yomwe ili patsogolo panu pa mseu wadothi. La fumbi ndi losavuta, tsalirani m'mbuyo mpaka likhazikike ndipo musayerekeze kupitirira motoka yomwe simukuona kutsogolo kwake.

Choopsa kwambiri ndi chifunga chosakanikirana ndi utsi wa moto wonyeka pansipansi. Moto wa udzu wonyowa wa kudambo, mulu wa zinyalala, utuchi, uvuni wa makala, zonsezi zimafuka usiku wonse popanda lawi, ndipo utsi wake umatuluka ndi nthunzi yakeyake yambiri. Ukakumana ndi mpweya wozizira wachinyezi zimapanga chinthu choti simungaone ngakhale mamita atatu. Ku America zinachitika pa 23 Okutobala 2023 pa mseu wa I-55 pafupi ndi New Orleans, utsi wa moto wa m'madambo unasakanikirana ndi chifunga, magalimoto opitirira 150 anawombana ndipo anthu anafa. Ku London mu Disembala 1952 utsi wa malasha a m'nyumba ndi m'mafakitale unagwirana ndi chifunga kuyambira pa 5 mpaka pa 9, anthu pafupifupi 4,000 anamwalira m'masabata oyambirira ndipo kuwerengera kwa pambuyo pake kunafika cha m'ma 12,000, mpaka boma linakhazikitsa lamulo lochepetsa utsi lotchedwa Clean Air Act mu 1956. Ife tilibe mafakitale otero koma dambo lofuka m'mbali mwa mseu tili nalo chaka chilichonse.

Kuyeza kutalika komwe mukuona, a zanyengo amati ndi chifunga chenicheni ngati simungaone kupitirira kilomita imodzi, koma pa mseu mavuto enieni amayamba kukatsika pansi pa mamita 200. Pakhomo sankhani zinthu zitatu zomwe mukudziwa kutalika kwake, mtengo wapafupi, nyumba kapena pholo ya magetsi ya chapatali, ndi phiri, muyese ndi mapazi masana kamodzi kokha, ndiye m'mawa uliwonse mungoyang'ana kuti chikuoneka ndi chiti. Muli pa mseu chitani izi, chinthu chikangotulukira m'choyeramo, kaya ndi chikwangwani kaya mtengo, yambani kuwerenga masekondi mpaka muchifike. Mukachifika musanakwanitse asanu, sipidi yanu yachuluka. Pa 80 motoka imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi ndipo kuti iime pa tara wouma, mabuleki ali bwino, imafuna mamita opitirira 50, basi yodzaza kapena thiraki ya chimanga imafuna ochuluka kuposa apo. Pa 50 ndi mamita 14 pa sekondi. Ngati mukuona mamita 30 okha ndiye 80 ndi kudzipha, palibe ukatswiri womwe ungakuthandizeni.

Malaiti ikani a dimu, osati a fulu. A fulu amaunika molunjika m'timadontho tija ndipo kuwala kumabwerera m'maso mwanu, mumaona choyera chokhachokha. Ngati motoka ili ndi malaiti a chifunga apansi aja yatsani, ndipo musayende ndi timalaiti ta paking'i tokha poganiza kuti kwacha, malaiti m'chifunga ndi oti anzanu akuoneni. Windo ipukuteni mkati ndi kunja musananyamuke, ambiri amaiwala mkati, koma kafumbi ndi mafuta a manja omwe amamatira mkatimo nawonso amabalalitsa kuwala, motoka ikabwera kutsogolo windo yonse imangoyera. Tsitsani galasi pang'ono, zimitsani wailesi, makutu agwire ntchito. Musatsate malaiti ofiira a mnzanu wapatsogolo mpaka kumuyandikira, akaponda buleki mulibe pothawira. Kupitirira ndiye ayi ndithu, ngakhale apasenja akukuwa kuti achedwa ku Lusaka. Mukaona kuti sizikutheka, tulukani mumseu kotheratu, matayala onse anayi kunja kwa tara, ndiye muyatse mahazadi ndi kuika matrayango patali ndithu. Ngati mwaika nthambi, muzichotse ponyamuka, wa honda wobwera m'mbuyo sangazione.

Anzathu a njinga ndi a ngolo ndi amene mtima wanga umawawa nawo kwambiri chifukwa ndi amene amavulala. Njinga yonyamula matumba atatu a makala kumbuyo kwake ndi kwakuda bii, dalaivala amaiona atafika kale. Kachowala kofiira kakumbuyo sikadula, kapena mangani chovala chowala chija cha a zomangamanga pa thumba lakumbuyo kwenikweni, osati pathupi panu pomwe matumba aphimba. A ngolo khomani zowala kumbuyo mbali zonse ziwiri, ndipo tsiku lomwe kwachita chifunga ng'ombe zidikire dzuwa, gaga ndi chimanga siziwola ndi ola limodzi. Oyenda pansi yendani kudzanja lamanja kwa mseu moyang'anana ndi motoka zomwe zikubwera, popeza kuno motoka zimayenda kumanzere. Ana a sukulu auzeni kuti kumva kulira kwa injini sikutanthauza kuti dalaivala wawaona, ndipo asadumphe mseu pa dambo kapena pa khota.

Manje za kutentha minda ndi tchire, chifukwa apa ndi pomwe tili ndi mphamvu. Ambiri timakonda kuyatsa madzulo poti mphepo yaleka ndipo moto suthawa, ndikumvetsa, koma nthawi imeneyo ndi yomwe utsi sukwera. Ngati munda kapena dimba lanu lili pafupi ndi mseu waukulu, makamaka kumtunda kwa mlatho kapena dambo, musayatse dzuwa likupendeka. Yatsani chakum'mawa chifunga chitachoka, mphepo isanakule, mutalambula m'mbali monse, zinthu zili zouma kuti zipse msanga ndi lawi, ndipo musachoke mpaka mutazima zitsa ndi milu yonse ndi madzi kapena dothi. Mulu umodzi wofuka usiku wonse ndi woipa kuposa moto waukulu wa mphindi makumi awiri masana. Mapesi ndi masangwi a nshawa kunena zoona sayenera kutenthedwa n'komwe, aphimbireni m'munda asunge chinyezi kapena adye ziweto. Osaka mbewa, anyamata, moto wanu wa madzulo uja umathera pa mseu. Owotcha njerwa ndi makala, uvuni muuike kutali ndi tara ndipo muyang'ane komwe utsi wake umatsetserekera usiku, osati komwe umapita masana.

M'mawa wotero a mphumu, ana aang'ono ndi agogo akhale m'nyumba mpaka kuyere, ndipo kansalu kapakamwa sikatsekereza utsi wosalalawu. Koma musati poti panja pali utsi ndiye mulowetse mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo, mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo.

Mukadutsa madzulo n'kuona dambo la m'mbali mwa mseu likufuka, kumwamba kuli koyera, mphepo kulibe, musangosunga mumtima. Lembani pa gulu la WhatsApp la madalaivala kapena la a honda pa siteshoni panu, mutchule malo ake enieni, mlatho uti, pambuyo pa mudzi uti, mbali iti ya mseu, kuti onyamuka ma 04 ndi ma 05 adziwe pochepetsera sipidi. Ngati ndi kumudzi kwanu auzeni anyakwawa atume anyamata akazime usiku womwewo. Ndipo ulendo womwe ungathe kudikira, usunthireni ma 08.